Injini ya boti imene yagona nthawi yaitali: musathamangire kukoka chingwe

Mvula ikupita kumapeto, ndipo m'madoko a boma lathu la Salima, kuyambira ku Chipoka, Senga Bay, Lifuwu mpaka ku Chikombe, mwayamba kumveka fungo la phula ndi penti. Asodzi akumata maboti ndi kusoka maukonde podziwa kuti mu Epulo Mfumu Yaikulu Makanjira itsegula chilumba cha Mbenji, chimene chimapuma nyengo yonse ya dzinja potsata mwambo umene wakhalapo kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Pa zokonzekera zonsezi, chimene ambiri amachikumbukira pomalizira ndi injini.

Injini zina zagona miyezi inayi yokha. Koma zilipo zambiri zimene zatha zaka ziwiri, zitatu, ngakhale zisanu zili chiimire pakona ya nyumba kapena zitagonekedwa kunsi kwa bedi. Mwina mwini wake anapita ku Joni, mwina anatisiya ndipo banja linasowa wopita nayo panyanja, mwinanso gulu limene linailandira kudzera m'ntchito za chitukuko linagawanika. Kale munthu ankatha kunena kuti tidzagula ina. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, injini yatsopano ndi ya mamiliyoni angapo, motero chitsulo chimene chikuchita fumbi m'nyumbamo n'kutheka kuti ndicho chuma chachikulu cha banja lonse.

Phunziro lino likunena makamaka za injini za two-stroke, zija timasakaniza petulo ndi oyilo, monga Yamaha Enduro ya 15, 25 kapena 40 HP imene yafala m'madoko mwathu. Mfundo yake ndi imodzi: injini ikalira sindiye kuti yachira. Matenda atatu oopsa kwambiri a injini yogonera, amene ndi impela youma, kabuleta yotsekeka pang'ono ndi madzi m'giya bokosi, sailetsa kulira pagombe. Amadikira boti lifike pakati pa madzi. Ndipo tonse tikudziwa kuti mwera umayamba kukuntha mu Meyi, Mbenji atangotsegulidwa kumene.

Musanagwire sipanala

Yambani ndi funso lakuti injiniyo ndi ya yani. Ikakhala yakufa palibe amaikanganira, koma tsiku limene yalira eni ake amachuluka. Ngati ndi ya gulu, khalani pansi pamaso pa komiti ya pagombe, ya BVC, kapena ya VDC, ndipo mulembe amene alipire zokonzetsera ndi momwe adzabwezere ndalama zake. Ngati ndi ya malemu, kumbukirani kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Mchimwene wa malemu amene wagula mapulagi awiri sasanduka mwini injini. Lembaninso m'buku nambala ya injini, imene ili pa kachitsulo komatidwa pa chomangira chija chimagwira thabwa la kumbuyo kwa boti. Nambalayi ndiyo idzakuthandizeni kugula zipangizo zoyenera, komanso kuizindikira injiniyo ikabedwa.

Kenako funsani chifukwa chimene inasiyidwira. Injini imene inaikidwa m'nyumba ili bwinobwino ndi yosiyana ndi imene inaikidwa chifukwa inkagogoda, kapena chifukwa boti linagubuduka nayo. Imene inamirapo ndipo sinatsukidwe ndi kulizidwa tsiku lomwelo, kawirikawiri imakhala itachita dzimbiri m'mabelingi a m'kati, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makaniko wodziwa kuphwasula mutu wa injini. Safunsa anadya phula.

Kuona ndi maso, kuzungulitsa ndi dzanja

Imikani injini pa thabwa lolimba, mutu m'mwamba, mwendo pansi, pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya. Chotsani chivundikiro. Zimene mupezemo zingakudabwitseni: chisa cha makoswe, makoko a mtedza, mphemvu, ndi nyumba za mavu aja amamanga ndi dothi. Makoswe amakonda kutafuna mawaya ndi timapaipi ta mafuta, choncho tsatani waya aliyense ndi chala kuchokera kumene wayambira mpaka kumene wathera. Mavu amatseka timabowo, makamaka kabowo kotulukira madzi ndi polowera mpweya pa kabuleta.

Tsopano masulani mapulagi onse ndi kuwayang'ana kunsonga. Dzimbiri pansonga ya pulagi ndi chizindikiro chakuti chinyezi chinalowa m'silinda. Zimenezi zimachitika kwambiri pa injini imene inagonekedwa mutu uli pansi kuposa mwendo, pakuti madzi otsalira m'mwendo amatsetsereka kudzera m'njira ya utsi mpaka kukafika ku pisitoni. Thirani oyilo wa two-stroke wokwana supuni yaing'ono m'bowo la pulagi lililonse, mupendeketse injini kuti mabowowo ayang'ane kumwamba, ndipo muisiye usiku wonse. Ngati yagona zaka, masiku awiri kapena atatu sangakhale otayika.

M'mawa mwake ikani giya pa nyutulo, mapulagi akadali kunja, ndipo muzungulitse fulaiwilo, chimkombero cholemera cha pamwamba chija, ndi dzanja kapena pokoka chingwe pang'onopang'ono. Iyenera kuzungulira mbali imene mivi ya wotchi imalowera, mofewa, popanda kukhukhuluza. Ikakana, musaikakamize ndi chitsulo chachitali. Mphete za pisitoni zimene zamatirira ku silinda zimathyoka msanga, ndipo zidutswa zake zimakanda silinda imene ikanatha kupulumuka. Onjezerani oyilo, dikirani, yesaninso mopita uku ndi uku pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma injini ingakanenso pa chifukwa china: giya bokosi yogwidwa ndi dzimbiri. Mukadzachotsa mwendo, monga tifotokozere kutsogoloku, mudzadziwa ngati wagwira ndi mutu kapena mwendo.

Apa ndi pamene muyenera kuganiza bwino za ndalama. Ngati fulaiwilo ikuzungulira koma mukumva kukukuta ngati m'kati muli mchenga, kapena ikugwedera mukaisuntha cham'mbali, mabelingi atha. Ngati makaniko ali ndi geji yoyezera kompuleshoni, muyezetse silinda zonse: chofunika n'chakuti manambala ake akhale oyandikana, osasiyana ndi gawo loposa limodzi mwa magawo khumi. Popanda geji, tsekani bowo la pulagi ndi chala chachikulu wina akukoka chingwe. Mpweya uyenera kukankha chalacho mwamphamvu, ndiponso mofanana m'silinda zonse. Injini imene yalephera mayeso amenewa musaigulire impela ndi mapulagi kaye. Dziwani mtengo wa ntchito yaikuluyo poyamba.

Petulo wakale ndi mdani

Palibe chimene chimawononga injini yogonera kuposa mafuta amene anatsalamo. Petulo akakhala miyezi ingapo, gawo lake lopepuka, lija limayaka msanga, limauluka, ndipo chotsala chimasanduka utomoni wofiirira wonunkha ngati vanishi. Kuno kwathu palinso nkhani ina. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ku Dwangwa kwa anansi athu a ku Nkhotakota ndi ku Chikwawa. M'galimoto imene ikuyenda tsiku ndi tsiku palibe vuto. Koma ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo m'mbali mwa nyanja nthawi ya dzinja chinyezi sichisowa. Madziwo akachuluka, amagwirizana ndi ethanol n'kutsikira pansi pa thanki, pamene paipi imayamwira mafuta. Choipitsitsa n'chakuti oyilo amene munasakaniza amatsalira m'petulo pamwamba. Chimene injini imayamba kumwa tsono ndi madzi ndi ethanol opanda oyilo.

Choncho mafuta onse akale achoke, ngakhale mtima ukuwawa poganiza za mtengo wake ndi mizere imene tinaima pofuna kuwapeza. Khuthulirani pang'ono m'botolo loonekera m'kati, mulisiye kwa mphindi zochepa, ndipo mudzaona nokha mzere wolekanitsa petulo ndi madzi. Musawataye m'nyanja, kapena pamchenga pamene amayi amayanika usipa ndi pamene ana amasewera. Musawasungenso m'botolo la chakumwa. Aikeni m'chigubu chotseka bwino, cholembedwa, ndipo mufunse amakaniko ngati angawagwiritse ntchito yotsukira zitsulo.

Yang'anani m'thanki ndi tochi, osati ndi machesi kapena nyali. Thanki yachitsulo yochita dzimbiri m'kati idzatseka kabuleta kambirimbiri ngakhale muitsuke chotani. Ndi bwino kupeza ina. Onetsetsani kuti kasikuluu ka mpweya pa chitsekerero cha thanki kakumasuka, pakuti kakatsekeka injini imalira mphindi zingapo kenako n'kuzima yokha ngati yatsamwa. Pindani paipi ya mafuta: ikakhala youma, yong'aluka kapena yonyenyeka m'kati, isintheni yonse. Kampira kopopera mafuta kayenera kulimba mukakafinya kangapo, ndipo muvi umene wajambulidwa pa kampirako uloze ku injini. Masulani kakapu ka sefa ya mafuta pambali pa injini, mukatsuke. Pampu ya mafuta ili ndi kachikopa kopyapyala m'kati kamene kamauma ikagona zaka. Kakabooka, mafuta amadontha kulowa m'injini ndipo pulagi imodzi imanyowa nthawi zonse.

Mafuta atsopano asakanizidwe moyenera. Injini zambiri za mtundu umenewu zimafuna muyeso wa 50:1, kutanthauza mamililita 400 a oyilo pa malita 20 a petulo, kapena theka la lita pa thanki ya malita 25. Tsimikizani poona zolembedwa pa injini yanu kapena m'buku lake. Pa thanki yoyamba ya injini imene yagona nthawi yaitali, amakaniko ambiri amawirikiza oyilo kufika pa 25:1, muyeso umene amagwiritsa ntchito pozoloweza injini yatsopano. Ifuka utsi wambiri koma m'kati mudzanyowa bwino. Oyilo akhale wa injini za pamadzi, wolembedwa TC-W3 pabotolo. Oyilo wa galimoto, ngakhale ndi wotsika mtengo, sapsa bwino, amasiya mwaye umene umamata mphete za pisitoni. Ngati injini yanu ndi ya four-stroke, musasakanize kanthu m'petulo. M'malo mwake khuthulani oyilo wakale wa m'injini ndi kuthira watsopano musanailize.

Kabuleta

Utomoni wa petulo uja umakhazikika m'kabakuli ka pansi pa kabuleta ndi m'majeti, timabowo ta mkuwa timene timayeza mafuta olowa m'injini. Jeti yotsekeka kotheratu si yoopsa, pakuti injini imangokana kulira. Yoopsa ndi yotsekeka theka. Injini imalira, imayenda, koma ikulandira mafuta ochepa kuyerekeza ndi mpweya. Mu injini ya two-stroke mafuta ochepa ndiye kuti oyilonso ndi wochepa, popeza amalowera pamodzi. Motero injini imatentha, pisitoni imafufuma n'kugwira, ndipo zimenezi zimachitika mukaithamangitsa ndi katundu, kutali ndi mtunda. Injini imene ikufuna kuti choki chikhale chokoka kuti isazime, ngakhale itatentha kale, ikukuuzani za matenda amenewa. Musaizolowere.

Masulani kabuleta pa nsalu yoyera, osati pamchenga, ndipo ngati muli ndi foni jambulani chithunzi pa sitepe iliyonse kuti musasokoneze pobwezera. Chotsani kabakuli, fuloti ndi kasingano kake, jeti yaikulu ndi yaing'ono. Musanachotse sikuluu yosinthira mafuta a injini ikamalira pang'onopang'ono, imangeni mofatsa mpaka itafika pothera mukuwerenga kuti yazungulira kangati, mulembe, kuti mudzaibwezere pomwepo. Viikani zitsulozo m'mankhwala otsukira kabuleta kapena m'petulo watsopano, kenako muuziremo mpweya ndi pampu ya njinga. Jeti iliyonse muiyang'anire kudzuwa: bowo lioneke lozungulira bwino. Pali chizolowezi chotokosa jeti ndi singano kapena waya wachitsulo. Mkuwa ndi wofewa, bowo limakula, ndipo injiniyo idzamwa mafuta mopitirira muyeso moyo wake wonse. Ngati kutokosa n'kofunika, kaulusi ka nayiloni ka mbedza n'kokwanira. Fuloti muigwedeze pafupi ndi khutu. Ikamveka kuti muli mafuta m'kati, yabooka.

Moto

Kuyesa moto ndi ntchito yaifupi, ndipo ichitike paipi ya mafuta isanalumikizidwe. Lowetsani pulagi m'chipewa chake, mugunditse thupi lake lachitsulo pa chitsulo cha injini kutali ndi bowo la pulagi, wina akoke chingwe. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati mtambo ndipo umathetheka. Musagwire pulagiyo ndi dzanja lonyowa, ndipo musakoke chingwe waya wa pulagi ali lende osagunda chitsulo, chifukwa mutha kupsereza koyilo kapena kabokosi ka CDI. Moto ukasowa m'mapulagi onse, musathamangire kugula koyilo. Yang'anani kaye kachingwe kofiira kozimitsira injini: kapanda kulowetsedwa pamalo pake, injini siipereka moto ngakhale ili yatsopano. Batani lozimitsira lochita dzimbiri limachitanso chimodzimodzi.

Gulani mapulagi atsopano a nambala yofanana ndi yolembedwa m'buku la injini, ndipo akalewo, ngati akupereka moto, muwasunge m'boti. Pa mapulagi a NGK, nambala yothera ndi 10, monga B7HS-10, imatanthauza kuti mpata wa pansonga ndi milimita imodzi. Pomanga, yambani ndi zala mpaka pulagi itakhala, kenako muonjezere ndi sipanala kota kapena theka la mzungulo basi. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, mazinga ake sachedwa kutha. Onaninso chingwe cholizira mpaka kumapeto kwake, ndipo ngati chayamba kunyotsoka chisintheni. Sipuling'i imene imabweza chingwecho ikafwamphuka imatha kuvulaza maso, choncho amene sanaigwirepo asiyire makaniko.

Impela: kampira kamene kamasunga moyo wa injini

Apa ndipo ndikupempha kuti muwerenge mofatsa. Injini ya boti ilibe rediyeta. Imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja amene amakokedwa ndi kampira kokhala ndi mapiko, kotchedwa impela, kamene kali m'mwendo pamwamba pa giya bokosi. Kampiraka kamazungulira m'kachipinda kopanikiza, mapiko ake atapindika. Injini ikagona chaka kapena kuposerapo, mapikowo amauma ali chipindikire, sabwereranso, ndipo ena amang'aluka patsinde. Pongoyamba amatha kupopa madzi ndithu, n'kukunamizani kuti zonse zili bwino, kenako n'kuthothoka patatha ola limodzi. Kuwonjezera apo, magombe athu ndi osaya ndiponso amchenga, ndipo mchenga umene injini imayamwa pofika ndi ponyamuka umadya mphira ndi chitsulo chomwe. Langizo langa ndi losapita m'mbali: injini imene yagona kupitirira chaka isinthidwe impela, ngakhale yakaleyo ikuoneka yabwino. Pa zipangizo zonse za injini, ndi chimodzi mwa zotsika mtengo.

Ndikunena izi ndi manyazi pang'ono. Ndili mnyamata, ine ndi msuweni wanga tinatulutsa injini ya amalume imene inagona zaka ziwiri. Tinatsuka kabuleta, tinasintha mapulagi, ndipo pofuna kuonetsa anthu a pagombe kuti ndife akatswiri tinailiza ili pa thabwa, popanda madzi, mwina kwa mphindi imodzi. Anthu anaomba m'manja. Sitinadziwe kuti impela imafeweretsedwa ndi madzi omwewo, ndipo ikazungulira pouma imapsa m'masekondi owerengeka. Mawa lake injiniyo inagwira tisanafike pamene tinatchera matchera, ndipo tinabwera ndi nkhafi dzuwa lili paliwombo. Tinali ndi mwayi kuti nyanja inali bata. Amalume sanatikalipire, anangotifunsa kuti, “Kodi inkakodza?” Sitinayang'ane n'komwe.

Posintha impela, masulani cholumikizira ndodo ya magiya ndi mabawuti ogwira mwendo, ndipo mwendo utsika pamodzi ndi shafiti yake yaitali. Mabawuti amene agona zaka amathyoka mukawakakamiza. Adonthezereni mafuta omasulira dzimbiri dzulo lake. Chotsani chivundikiro cha pampu, musamale kachitsulo kakang'ono ngati mwezi wongooneka kumene kamene kamagwiriza impela ku shafiti, pakuti kakagwera mumchenga simukapezanso. Werengani mapiko a impela yakale. Ngati ena athothoka, afunefuneni mpaka muwapeze, chifukwa zidutswa zotsalira zimakatseka njira za madzi m'mutu wa injini. Kachipinda ka pampu kakakhala ndi mikwingwirima yakuya, kasintheni pamodzi ndi impela. Pobwezera chivundikiro, zungulitsani shafiti mbali ya mivi ya wotchi kuti mapiko apindikire koyenera. Pakani girisi m'mano a shafiti cham'mbali, osati pamwamba penipeni, ndipo pokweza mwendo onetsetsani kuti kapaipi ka madzi kalowa pamalo pake. Tsukani tisefa tolowera madzi m'mbali mwa mwendo, ndipo kabowo kokodzera mukatokose ndi kaulusi ka nayiloni.

Giya bokosi ndi pulopela

Pambali pa giya bokosi pali masikuluu awiri, ina pansi ina pamwamba. Ikani chitini pansi, masulani yapansi, kenako yapamwamba, ndipo muone chotuluka. Oyilo wakuda ndi wokalamba chabe. Oyilo woyera ngati mkaka, kapena madzi otsogola oyilo asanatuluke, ndi umboni wakuti oil seal yatha. Tizitsulo tosalala ngati ufa pa sikuluu yapansi si tachilendo, koma zidutswa zogwirika ndi chala zikutanthauza kuti mano a magiya akuswekasweka.

Kawirikawiri wolakwa amapezeka kuseri kwa pulopela. Chotsani pini ndi nati, musolole pulopela, ndipo mudzapeza ulusi wa ukonde kapena wa mbedza utakulungana pa shafiti. Ulusi wa nayiloni umatentha, n'kusungunuka, n'kudula seal. Iyi ndi imodzi mwa njira zimene maukonde otayidwa m'nyanja amatibwezera chilango. Kuthira oyilo watsopano osasintha seal ndi kutaya ndalama, pakuti pakatha masiku ochepa adzayeranso. Oyilo wake ndi wa magiya wa SAE 90, ndipo amathiridwa kuchokera kubowo lapansi mpaka atatulukira kubowo lapamwamba. Mukathirira pamwamba mpweya umatsekeredwa m'kati ndipo giya bokosi siidzaza. Tsekani lapamwamba poyamba, kenako lapansi mofulumira, ndi mawashala atsopano. Pakani girisi pa shafiti musanabwezere pulopela, ndipo muikemo pini yatsopano m'malo mwa msomali wopinda umene ambiri timaudalira.

Mumgolo kaye, kenako m'mbali mwa gombe

Tsopano nthawi yokoka chingwe yakwana. Lowetsani mwendo wa injini mumgolo wa madzi oyera, madziwo apitirire chitsulo chaphanthiphanthi cha pamwamba pa pulopela ndi utali wa chikhatho, kuti pampu imire. Chitirani panja, chifukwa utsi wa injini m'nyumba umapha. Ana akhale patali. Tsegulani kasikuluu ka mpweya pa thanki, finyani kampira mpaka kalimbe, onani ngati palibe podontha mafuta, giya pa nyutulo, kokani choki, ndipo mukoke chingwe. Utsi wambiri poyamba usakuopseni, ndi oyilo uja munathira m'silinda. Maso anu akhale pa kabowo kokodzera. Madzi akapanda kutuluka m'masekondi ochepa, zimitsani. Akatuluka, isiyeni ilire pang'onopang'ono kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu osaithamangitsa. Gwirani mutu wa injini: uyenera kufunda moti dzanja n'kupirira masekondi angapo. Ukatentha kosagwirika pamene madzi akutuluka, mwina themositati yamatirira kapena njira za madzi zatsekeka. Solani kachingwe kofiira kuti muone ngati injini ikuzima nthawi yomweyo.

Mumgolo injini ilibe katundu, choncho mayeso enieni ali panyanja. Sankhani m'mawa wabata. Mangani injini zolimba pa thabwa la kumbuyo, muimangirirenso ndi chingwe ku boti. Tengani nkhafi, nangula, chokapira madzi, majekete oyandamitsa okwanira aliyense ndi foni m'pepala la pulasitiki, ndipo wina pamtunda adziwe kuti mwapita. Yendani motsata gombe, molunjika kumene mphepo ikuchokera, kuti injini ikazima mphepoyo ikubwezereni kudoko. Yambani pang'onopang'ono, onjezerani liwiro mwa apo ndi apo, ndipo pomalizira muithamangitse kwa mphindi zingapo. Ikamafooka mukaonjezera moto, koma n'kutsitsimuka mukafinya kampira, vuto lili pa pampu ya mafuta kapena paipi ikuyamwa mpweya. Ikamalira kwambiri boti osathamanga, mphira wa pakati pa pulopela waterereka. Ola lathunthu la mayeso otere lidya malita angapo a petulo, ndipo ndikudziwa kuti alovi adzadandaula kuti mafuta akupsa popanda nsomba. Alekeni adandaule.

Mukabwera, injini itazizira, masulani mapulagi. Nsonga yofiirira ngati tiyi wamkaka ndiyo yabwino. Yakuda ndi yonyowa ikusonyeza mafuta kapena oyilo wochuluka, zimene sizodabwitsa pa thanki ya 25:1. Yoyera mbuu ikusonyeza kuti kabuleta ikadali yotsekeka, ndipo injiniyo isapite ku Mbenji. Pulagi imodzi ikakhala yoyera ngati yotsukidwa, ndi timadontho ta madzi, gasiketi ya mutu ikulowetsa madzi. Masulaninso pang'ono sikuluu yapansi ya giya bokosi, mudonthetse oyilo pachala, muone ngati sanayambe kuyera. Bwerezani zimenezi pakatha sabata yoyamba ya ntchito.

M'boti musamasowe kabokosi kotseka bwino kokhala ndi mapulagi awiri, sipanala yake, pulayala, sikuludiraiva, pini ya pulopela ndi chingwe chapadera chokulunga pa fulaiwilo cholizira chikaduka. Ndipo nyanja ikadzatsekedwanso, kapena mukadzafuna kuisiya injiniyo kupitirira mwezi, chotsani paipi ya mafuta injini ikulira m'madzi mpaka izime yokha, khuthulani otsalira m'kabakuli ka kabuleta ndi m'thanki, thirani oyilo pang'ono m'mabowo a mapulagi, sinthani oyilo wa giya bokosi, ndipo muiimike chilili pamthunzi pouma. Pa chivundikiro matanipo kapepala kolembapo tsiku limene mwaiika ndi tsiku limene impela inasinthidwa.